Ana akabwera kumudzi pa tchuthi asabwerere ndi malungo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'nyuzi yanu yokondedwayi pa nkhani ya ana aang'ono amene makolo awo amabwera nawo kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi. Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Salima, kufupi ndi nyanja, ndipo ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Zinayi mwa izo zimakhala ku Lilongwe. Zimene ndilembe pano zidachitika pakhomo panga pomwe.

Chaka china mwana wanga wamwamuna adabwera ndi banja lake kudzadya nafe Khirisimasi. Adakhala masiku khumi. Ana adasangalala, adadya mango, adasamba kunyanja, nabwerera kwawo ali bwinobwino. Patangotha masiku anayi, kamtsikana ka zaka zitatu kadatentha thupi, kuyamba kusanza, kenaka kukomoka. Tithokoze Mulungu kuti adathamangira nako kuchipatala ndipo kadachira. Koma mawu amene adatipeza ife kuno adali oti achibale a mpongozi wanga akuti mwanayo adamuchita kumudzi. Amene ankalozedwa chala ndi mayi a kunyumba kwanga, agogo ake a mwanayo, omwe ankamubereka kumsana masiku onse khumi aja. Mayiwa adakhala sabata yathunthu osadya bwino. Zidzukuluzo sitidazionenso kwa zaka ziwiri.

Chonsecho a dokotala adanena poyera kuti adali malungo. Abale anga, malungo sayamba tsiku lomwe udzudzu wakuluma. Tizilombo take timayamba tabisala m'chiwindi, ndipo thupi limadzatentha patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Mwana amene walumidwa usiku wa Khirisimasi amadzadwala Nyuwere itapita, ali kale kutauni, ndiye anthu amangoti walitenga kwa agogo. Inde walitenga kumudzi, koma wompatsa ndi udzudzu. Ndikaganiza bwino wolakwa ndidali ine. M'nyumba mudali neti imodzi yokha, yobooka, ndipo ana ankakhala panja mpaka usiku kuonerera anzawo akukonzekera sewero la kubadwa kwa Ambuye. Disembala mvula yagwa, zithaphwi zili ponseponse, udzudzu wachuluka.

Tsono inu makolo a kutauni, musanalongedze shuga ndi zitenje za agogo, yambani mwalongedza neti, imodzi pa mphasa iliyonse imene ana adzagonepo. Tengani ndi chingwe chomangira. Musaope kuti akumudzi aona ngati mukunyoza nyumba yawo. Ife tingakonde kuona neti kusiyana ndi kumva kuti mdzukulu wagonekedwa m'chipatala. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, ndipo Malawi ndiye adali woyamba pa dziko lonse, koma a zaumoyo amanenetsa kuti ngakhale mwana wobayidwa katemerayu azigonabe m'neti. Musaiwalenso kabuku ka mwana ka kusikelo. Akatentha thupi, kaya ndi tsiku la Khirisimasi lenilenilo, pitani naye akamuyeze magazi tsiku lomwelo. Alipo agogo ena amene amasungabe mankhwala akale m'kachitini n'kumapatsa mwana theka. Boma lidasiya chloroquine mu 1993 chifukwa adaleka kugwira ntchito, Fansidar naye adalowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Mankhwala a m'kachitini aja tayani m'chimbudzi.

Za madzi ndinenepo pang'ono. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene idapha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Nyengo yake ndi yomweyi ya mvula. Madzi akumwa ana tiziwiritsa kapena kuthiramo klorini, mango tizitsuka, ndipo mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi ORS akhale m'chikwama. Paketi imodzi amasungunula mu lita imodzi ya madzi abwino. Mwana wotsegula m'mimba amafooka msanga kuposa mmene ambiri timaganizira.

Ana a kutauni akaona nyanja mutu umawazungulira. Sindikunena kuti asasambe, chifukwa chimene adzakasimbire anzawo kusukulu ndi chomwecho. Koma wamkulu akhale pomwepo, maso ali pa ana, osati kusiyira kamnyamata ka zaka khumi kuti kayang'anire ang'onoang'ono atatu. Pewani malo a bango ndi madzi odikha, chifukwa mumakhala nkhono zimene zimafalitsa likodzo, ndipo malo ena mumabisala ng'ona. Funsani asodzi a pamalopo, amadziwa. Likodzo nalo limadzaoneka mochedwa, mwana n'kuyamba kukodza magazi patapita masabata angapo. Amenewonso si matsenga, mankhwala ake alipo kuchipatala. Ndipo ife akumudzi tichotse parafini ndi mankhwala a mbewu amene timasunga m'mabotolo a zakumwa. Mwana wa zaka ziwiri akaona botolo la Fanta pansi pa bedi sadziwa kuti muli china.

Pa za ulendo weniweniwo, ndimadabwa chifukwa chake aliyense amafuna kukwera pa 24 Disembala. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi mtunda wa makilomita ngati 100 okha, koma tsiku limenelo munthu utha kutaya tsiku lonse pa depoti, mitengo itakwera, minibasi itadzaza mpaka pakhomo, mwana ali pamiyendo thukuta lili kamukamu. Nyamukani masiku atatu kapena anayi Khirisimasi isanafike, m'mamawa kusanatenthe. Tengani madzi ndi chakudya cha kunyumba, mbatata yophika kapena nthochi, m'malo mogulira ana chilichonse chobwera pazenera. Mwana amene wayamba kuyenda yekha muikireni m'thumba kapepala kolembapo dzina lake, mudzi umene mukupita ndi nambala ya foni. Ndipo kukweza mayi, ana awiri ndi thumba la ufa pa njinga yamoto imodzi, mumsewu woterera ndi matope, n'kuyesa Mulungu. Lipirani njinga ziwiri.

Kwa inu abusa, ansembe ndi akulu anzanga a mipingo, ndili ndi pempho. Sabata ziwiri Khirisimasi isanafike, pa nthawi ya zolengeza, tikumbutseni akhristu za neti ndi madzi monga momwe timawakumbutsira za zopereka za Khirisimasi. Mapemphero a usiku tiziganizirako ana, asakhale panja maola anayi akudyedwa ndi udzudzu. Koposa zonse, mukamva kuti banja lina likuloza chala nkhalamba chifukwa mwana wadwala atachoka kumudzi, pitaniko msanga nkhani isanakule. Tamva kangati za agogo omenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mphekesera zotere? Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma anthu ambiri kumudzi salidziwa, ndipo amamvera mbusa wawo kuposa buku la malamulo. Kwathu adatithandiza ndi abusa athu, amene adakwera basi ndi ndalama zawo kukakhala pansi ndi mabanja awiriwa, kabuku ka kuchipatala kali patebulo, mpaka apongozi adapepesa.

Ena anena kuti ngati zili choncho ndi bwino ana azingokhala kutauni. Ine ndikukana. Mwana amene sadziwa kwawo adzakula osadziwa msuweni wake, osadziwa manda a makolo ake, osadziwa ngakhale kupereka moni kwa akulu. Kamtsikana kaja tsopano kali Sitandade 3, ndipo kadaphunzira kusenda chinangwa kwa agogo ake omwe aja. Chaka chino akuti afika pa 20 Disembala. Maneti awiri ndagula kale, ndipo misomali yomangirapo ndakhoma dzulo.

Gogo wokhudzidwa,
Salima.