Mpando wa ku Misuku

Sabata yatha ndinali ku Misuku, m'boma la Chitipa, pa msonkhano wa alimi a khofi. Mipando inalipo inayi yokha. Galimoto itangoima, munatsika mtsikana wachizungu, wooneka kuti sukulu wangomaliza kumene. Anyamata awiri anathamangira mpando umodzi, wina n'kuupukuta ndi malaya ake. Agogo ena amene anayamba kuthyola khofi mtsikanayo asanabadwe anali pafumbi, atatambalala, ndodo ili pamiyendo. Palibe amene anaonapo chachilendo. Ine mpaka lero zikundiwawa.

Mtsikanayo sanapemphe mpando, ndipo nkhani yagona pomwepo. Khungu loyera amalitsegulira chitseko mwini wake asanati odi. Nonse munaonapo kumalo ogona alendo kapena pamzere wa kubanki: wina amadikira, wina amafunsidwa kuti tikuthandizeni chiyani bwana. Mu 1989 mayi wina wachizungu wa ku America, Peggy McIntosh, analemba mndandanda wa mwayi umene ankaupeza tsiku ndi tsiku osaukhetsera thukuta, n'kuufanizira ndi chikwama chosaoneka chimene anabereka kumsana. Anayamba wadzifufuza yekha asanaloze wina chala.

Mundiuza kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndimaukonda, koma makolo sananene kuti mlendoyo akhale woyera. Mlangizi wa ku Karonga akabwera ndi kalumo komweko timamukhazika panjerwa. Chizolowezichi n'cha atsamunda, nthawi imene Chitipa inkatchedwa Fort Hill, munthu wakuda akuvulira chipewa mzungu aliyense wokumana naye panjira. Kunyozeka kotere n'kumodzi mwa zimene zinawawitsa mtima John Chilembwe ndi anzake mu 1915. Ufulu tinalandira mu 1964, zipewa tinasiya kuvula, koma mipando tikupukutabe.

Chinanso chinandigwira pamsonkhanopo. Zonse zinakambidwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa, pomwe agogo aja amalankhula Chisukwa. Chikwezedwereni Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ine ndimachoka ku Lilongwe mpaka kumalire a Tanzania osaphunzira moni wa munthu. Mwana wa Chilambya kapena wa Chindali ayenera kuphunzira chiyankhulo changa kuti akhoze mayeso, ine chake sindinachifunepo. Nanenso ndinabereka chikwama, ndipo ndachizindikira ndili wamkulu kale.

Mtsikana uja akanangonyamuka, n'kutengera agogo mpandowo, msonkhano wonse ukanaona. Akanafunsanso kuti agogowa akuti chiyani, womasulira akanapezeka. Inu azungu a m'mabungwe amene mumabwera kuno, musanakhale pa mpando yang'anani amene ali pansi, ndipo akuluakulu a mudzi ayankhule inu musanayambe. Ndi inu anzanga a Chichewa amene mukugwira ntchito ku Chitipa, pezani woti akuphunzitseni moni wa Chisukwa mwezi uno usanathe.