Wodwazika matenda nayenso ali ndi mimba

Tchuthi chapitachi ndinakhala masiku 11 kuchipatala. Odwala anali agogo anga aakazi, ine ndinali gadiyani, popeza mayi sakanatha kusiya ana ndi munda kwathu ku Songani. Kumeneko ndinaona kuti wanjala kwambiri pachipatala kawirikawiri sakhala wodwalayo, koma amene akumudwazika.

Amene munadwazikapo matenda mukudziwa. Wodwala amawerengedwa, phala lake ndi nsima yake zimabwera. Gadiyani amadzionera yekha. Ufa, mphika, nkhuni kapena makala, zonse achite kubwera nazo, ndipo akaphike kukhitchini ya magadiyani. Vuto ndi lakuti ukapita kukasonkha moto wasiya wodwala yekha. Adokotala akhoza kudutsa iwe kulibe, diripi ikhoza kutha, agogo akhoza kufuna kutembenuzidwa. Choncho masiku atatu oyamba ndinkangothamangira pageti, kugula mandasi kapena tchipisi cha pachiwaya, n'kubwerera ndikutafuna. Tsiku lachinayi ndinachita chizungulire ndikuwadzutsa agogo, tonse tinatsala pang'ono kugwa.

Mayi wina wa bedi loyandikana nafe ndiye anandilozera kalesitilanti kena kunja kwa mpanda. Mabenchi awiri, chitenje pakhomo, ndowa yamadzi ndi sopo panja. Mwini wake anali mayi wachiyao, Msilamu. Ankaphika mpunga wa ku Domasi, nandolo, chigwada chotendera, ndi matemba a ku Chilwa akapezeka. Palibe chachilendo pamenepo, ndi zomwe timagula pamsika wa Songani. Koma mbale yoyamba ija ndinaidya misozi ili m'maso, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo ngakhale panali pansi pa bedi.

Panali zinthu ziwiri zimene zinandimasula mtima. Choyamba, sindinafunike kufunsa kuti mumphikamo munapitapo chiyani, chifukwa nkhumba pamenepo siinkafika. Chachiwiri chinali Sabata. Lachisanu masana ndinawafotokozera mwamanyazi kuti mawa sindigula. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye udya chiyani, mwanangu? Lipiriratu lero, mawa ungobwera ndi mbale yako." Sanafunse zambiri. Iwonso ali ndi tsiku lawo, amadziwa.

Ena amaona malo otere ngati chisokonezo chofunika kuchotsedwa pageti la chipatala. Nkhawa yawo ndikuimvetsa, makamaka tikakumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Koma kuthamangitsa mayi ngati ameneyu sikuthetsa njala ya gadiyani, kumangomukankhira ku mandasi. Chanzeru n'kumupatsa malo okhala ndi madzi a pampopi, azaumoyo n'kumamuyendera, iye n'kumaphika zomwe anthu a m'deralo amadya.

Mpingo wathu suli mlendo pankhani imeneyi. Ku Penang, m'dziko la Malaysia, kuli chipatala cha Adventist chomwe chinayamba mu 1924, ndipo anthu a mumzindamo amachidziwanso ndi buledi wa ku bekale yake. Penang yemweyo ndi kwawo kwa chakudya cha anthu otchedwa Peranakan, zidzukulu za amalonda a ku China omwe anakwatirana ndi eni dziko. M'mphika mwawo mumakumana kaphikidwe ka mitundu iwiri, mkaka wa kokonati, bwemba ndi tsabola, ndipo alendo amachoka kutali kukalawa. Ife chigwada chotendera timachiona ngati cha osauka. Tikafuna kusonyeza chikondi kwa wodwala timathamangira botolo la chakumwa chotsekemera ndi mabisiketi, pomwe tinakulira m'sukulu za mpingo tikuloweza za ubwino wa mgaiwa, nyemba ndi masamba.

Apa ndiye pali dandaulo langa ndi ife achinyamata, ine ndemwe ndili momwemo. Sabata masana timavala bwino n'kupita kukaona odwala. Timaimba, timapemphera, timagawa sopo ndi shuga. N'zabwino, ndipo agogo anasangalala gulu lina litabwera m'wodi yathu. Koma pamene ankaimba, kumbuyo kwa wodiyo kunali amayi akukanganirana mafuwa, wina akupempha moto, wina atakhala chete chifukwa ufa unamuthera dzulo lake. Palibe mlendo anafika kumeneko. Nanenso pamaulendo onse amene ndinapitapo ndi anzanga sindinafunsepo kuti khitchini ya magadiyani ili mbali iti.

Wina anena kuti ophunzira tilibe ndalama. Zoona. Koma mtolo wa nkhuni, chigoba cha nandolo kapena ufa wa mgaiwa sizidula kuposa mabisiketi amene timasonkherana. Ndipo pali chinanso chosafuna ndalama: kukhala pambali pa wodwala kwa ola limodzi, anamwino atavomera, kuti gadiyani akaphike, akasambe, adye atakhala pansi. Wina anenanso kuti kupatsa odwala chakudya chakunja n'koopsa, makamaka a shuga ndi a BP. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake ndikunena za wodwazika. Iye alibe dokotala womuletsa kudya, chimene chimamuletsa ndi kusowa nthawi ndi nkhuni.

Amayi a Dorika amadziwa kale kuphikira khamu pamaliro ndi pamisonkhano yamisasa. Ndikupempha atsogoleri a achinyamata kuti ulendo wotsatira tikambirane nawo, tiphikiretu Lachisanu, ndipo tikafika tigawikane, ena m'wodi, ena kukhitchini.

Agogo anatuluka ali bwino. Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika kwa mayi aja, ndipo ndinapeza mtsikana wina wa msinkhu wanga ataima pakhomo, akuwerenga ndalama m'manja kawirikawiri, maso ali kugeti la chipatala.