Safunsa ndi Wina, Wodya Phula ndi Wina

Pasukulu iliyonse ya zaudotolo pali wantchito mmodzi amene timamukumbuka pokhapokha tikafuna kudandaula kuti intaneti yathawa kapena kuti buku lina silikuoneka. Ndikunena woyang'anira laibulale. Ambirife timamuyesa mlonda wa mabuku, munthu wa chidindo ndi kansalu kopukutira fumbi, woti ntchito yake n'kutontholetsa ophunzira osokosa. Ndalama zikachepa, nkhwangwa imayambira pa iye. Ine ndikuti maganizo amenewa si chipongwe chabe ayi. Amapha anthu, ndipo dzina la mmodzi mwa ophedwawo likudziwika.

Ellen Roche adali mtsikana wa zaka 24, wathanzi lake, wogwira ntchito mulabotale ya yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America. Mu 2001 adadzipereka kulowa nawo m'kafukufuku wa matenda a mphumu. Iye sadali wodwala. Ofufuzawo ankafuna kudziwa momwe mapapo a munthu wabwinobwino amadzitetezera, ndiye pa 4 Meyi adamupatsa mankhwala otchedwa hexamethonium kuti awapume. Mawa lake adayamba kutsokomola. Patapita masiku ochepa adagonekedwa m'chipatala, mapapo adalephera, ndipo pa 2 Juni adamwalira.

Tsono chimene chimandiwawa ndi ichi: zoti mankhwalawa amatha kuononga mapapo zidali zodziwika kale. Madotolo a m'zaka za m'ma 1950, amene ankapereka hexamethonium kwa odwala matenda othamanga magazi, adaziona ndipo adazilemba m'magazini a zaudotolo. Mkulu wa kafukufukuyu adafufuza ndithu, koma adadalira mabuku atsopano, intaneti ndi nkhokwe ya PubMed, imene nthawi imeneyo inkangofika m'ma 1960. Chenjezo lidali kuseri kwa malire amenewo, m'mavoliyumu akale aja timati ngodzaza malo. Maliro atachitika, oyang'anira malaibulale a zaumoyo amene adayesa kufufuzanso sadavutike kuzipeza nkhanizo. Boma la America lidaimitsa kwa masiku angapo kafukufuku wa pa anthu amene linkalipira payunivesiteyo, ndipo pambuyo pake yunivesiteyo idalamula kuti ofufuza azigwira ntchito ndi woyang'anira laibulale ndi katswiri wa mankhwala posaka kuopsa kwa mankhwala otere.

Sindikunena kuti vuto lidali limenelo lokha. Munthu woyamba kupuma mankhwalawo adatsokomolanso kwa masiku, koma komiti yoona za kafukufukuyo sidauzidwe msanga. Komabe funso loti "kodi alipo adavulalapo ndi mankhwalawa?" lidali ndi yankho, ndipo munthu wodziwa posaka yankholo adalipo pamalo pomwepo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Koma m'kafukufuku wa zaumoyo mwambiwu umapotoka: wosafunsa ndi wina, wodya phulalo ndi winanso, amene adangokhulupirira.

Tikamakamba za chilungamo m'kafukufuku, pakamwa pathu pamadzaza Tuskegee, kumene kuyambira 1932 mpaka 1972 amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko adasiyidwa osachizidwa kuti madotolo aone momwe matendawo amayendera. Timatchulanso malamulo a ku Nuremberg a 1947 ndi chikalata cha ku Helsinki cha 1964. N'zoyenera. Koma mbiri yotereyi idatizoloweza kuganiza kuti wolakwa amakhala munthu wankhanza basi. Chikalata cha ku Helsinki chomwecho chimafunanso kuti kafukufuku wa pa anthu ayambe pamene wofufuza wadziwa bwino zimene ena adalemba kale. Kusawerenga mokwanira nakonso ndi mlandu. Ndipo fomu ija timasainitsa anthu, kapena kuwadinditsa chala, yoti amvetsa kuopsa kwake ndipo avomera, ili ndi tanthauzo lanji ngati woilembayo kuopsako sakukudziwa? Mayi wavomera chiyani pamenepo?

Pali tchimo lina losaonekera, lofufuza chinthu chimene yankho lake lidapezeka kale. Mu 1992 akatswiri ena adasonkhanitsa mayeso 33 a mankhwala a streptokinase, osungunula magazi oundana mwa munthu amene mtsempha wa mtima watsekeka. Mayesowo adachitika pakati pa 1959 ndi 1988. Adapeza kuti pofika 1973, patangochitika mayeso 8 okha, umboni woti mankhwalawa amapulumutsa moyo udali utakwana. Koma poti palibe adaunjika zotsatirazo pamodzi, odwala ena oposa 34,000 adalowetsedwabe m'mayeso, ndipo pafupifupi theka la iwo sadalandire mankhwalawo. Kusaka mayeso onse, m'zinenero zonse, ngakhale amene adabisika m'kamagazini kosatchuka, ndi luso. Limaphunziridwa kusukulu monga momwe kusoka bala kumaphunziridwira. Dotolo amadziwa thupi la munthu. Woyang'anira laibulale amadziwa kuti nkhokwe yakuti imayambira chaka chakuti, kuti matenda amodzi ali ndi maina anayi, ndi kuti ukalemba limodzi lokha atatu enawo sabwera.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anene. Ati zimenezo n'zamakedzana, lero PubMed idakula mpaka kumbuyo, tili ndi Google, tilinso ndi makina anzeru oyankha funso lililonse. Ine ndikuti n'chifukwa chake munthuyu tikumufuna kuposa kale. Kale vuto lidali njala ya zowerenga, lero ndi chigumula, ndipo chigumula chimabwera ndi zinyalala. Mu 2023 mokha nkhani za sayansi zoposa 10,000 zidachotsedwa m'magazini kaamba ka chinyengo kapena zolakwika. Nkhani ya Andrew Wakefield, yonamizira katemera wa chikuku, idatuluka m'magazini ya The Lancet mu 1998 ndipo idakhala zaka 12 isadachotsedwe. Mpaka pano alipo makolo amene akuopabe katemera chifukwa cha iyo. Kulinso magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola walipira. Amene adawatcha dzina n'kuyamba kuwalemba pamndandanda sadali pulofesa wa zaudotolo. Adali Jeffrey Beall, woyang'anira laibulale wa ku Denver. Mndandanda wake udali ndi oudandaula ndipo udatsekedwa mu 2017, koma maso adatitsekula ndi iye. Nanga makina anzeruwo? Amatha kukupekera mutu wa nkhani, dzina la mlembi ndi chaka, zonse zooneka bwino, pamene nkhaniyo sidalembedwepo.

Wina asayese kuti iyi ndi nkhani ya ku Baltimore yokha. Kuno kwathu kafukufuku wa pa anthu ngwambiri. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa adalowa m'mayeso a katemera wa taifodi, ndipo mu 2019 Malawi lidali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mundondomeko yoyesera. Izi n'zonyaditsa, ndipo zidatheka chifukwa amayi adakhulupirira. Koma tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za 2002 ndi 2017, pamene anthu adaphedwa pongoganiziridwa. M'dziko lotere, imfa imodzi yopeweka ikhoza kutseka zitseko za mudzi wonse kwa zaka zambiri, ngakhale kwa namwino wobwera ndi katemera wabwino.

Zida zilipo. Kuyambira 2002 bungwe la WHO, kudzera mundondomeko ya HINARI, lidatsegulira maiko osauka magazini a zaudotolo amene sitikadatha kugula. Koma kiyi wa nkhokwe si chakudya. Pamafunika munthu woti aphunzitse wophunzira udotolo kusaka, amuuze kuti magazini iyi ndi msampha, ndiponso asunge zimene ife eni tidapeza. Mbali yomalizayi timaiiwala kwambiri. Malipoti a m'zipatala za m'maboma ndi zolemba za ophunzira otsiriza maphunziro sizifika ku PubMed. Zikasowa wozisunga ndi kuzilemba pamndandanda zimadyedwa ndi chiswe, ndiye patapita zaka khumi wina amabwera ndi galimoto yatsopano kudzafunsa agogo omwe aja mafunso omwe aja, n'kuwatenganso magazi.

Pempho langa silofuna ndalama zambiri. Mukomiti iliyonse younika kafukufuku, kuyambira National Health Sciences Research Committee mpaka makomiti a m'mayunivesite, lamulo linene kuti woyang'anira laibulale ya zaumoyo akhale ndi mpando wake, osati wolemba maminitsi koma wokhala ndi mawu. Pafomu yopempha chilolezo pakhale malo oti wofufuza alembe nkhokwe zimene adasakamo, mawu amene adagwiritsa ntchito, chaka chimene adayambira, ndi dzina la woyang'anira laibulale amene adaona kusakako. Malo amenewo akapezeka opanda kanthu, fomuyo ibwezedwe kwa mwini wake, ngakhale akhale pulofesa wobwera ndi madola.