Cheni ya Injini Ikalira, Mwini Galimoto Asatseke Makutu

Njanji inafika ku Kabwe mu 1906, pamene mzindawu unali ndi dzina lakuti Broken Hill. Anchito a sitima anali ndi mwambo wanzeru kuyambira kale: sitima ikaima, munthu anali kuyenda ndi nyundo nagogoda mawilo limodzi-limodzi. Wilo labwino limalira mokoma, long'aluka limalira mosasa. Iwo sanali kudikira kuti sitima igwe.

Nzeru imeneyi ayenera kuikumbukira eni mavaneti akale a m'komboni ya Railways, amene amanyamula cimanga ca alimi a ku Mukonchi ndi Chibombo. Injini ikayamba kusokosera ca kutsogolo ngati miyala m'citini, ambiri amangoti galimoto yakalamba, nathira oilo wolemera kuti phokoso licepe. Kumeneku ndi kubisa nthenda, si kuciza.

Cheni ya taimingi imalumikiza crankshaft ndi camshaft, kuti mavavu azitseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake pamene mapisitoni akukwera ndi kutsika. Ikatha imakhwepa. Mu injini zambiri, kacitsulo koikunga, kamene amakanika amati tensioner, kamagwira nchito ndi mphamvu ya oilo. Motero phokoso la kanthawi kocepa polizira galimoto m'mawa likhoza kutha ngati mwini asintha oilo ndi fyuluta. Koma likapitirira injini itatentha, bvuto lakula.

Citsanzo ndi injini ya petulo ya 22R ya mu Toyota Hilux zakale. Mu zambiri za izo, tizipangizo totsogolera cheni ndi tapulasitiki. Tikathyoka, cheni imakhula civundikiro ca kutsogolo kufikira ciboola, ndipo madzi amasakanizika ndi oilo. Cheni ikalumpha mano kapena kuduka, mu injini zambiri mapisitoni amamenya mavavu nawapinda. Nchito imene ikadatha ndi cheni, magiya ake ndi tensioner imasanduka yophwasula mutu wonse wa injini. Ndipo tsoka lotere silisankha malo: limagwa usiku pa mseu wa Great North, matumba a mlimi ali pamwamba.

Ena adzanena kuti ndalama ndi zosowa, ndipo galimoto yakale siyenera kuonongerapo cuma. Mauwa ali ndi coonadi cake. Ngati injini ikufuka utsi, ikumwa oilo, ndipo yatha mphamvu pa citunda, cheni yatsopano yokha siidzaiukitsa. Mwini asankhe kukonza injini yonse kapena kugulitsa galimotoyo, atamuuza wogula zoona. Koma ngati injini ikali yamphamvu, ukalamba wa galimoto si cifukwa colekerera.

Asanagule sipeya, mwini apite kwa makanika wodziwa, pakuti safunsa anadya phula. Si injini zonse zili ndi cheni: Hilux za dizilo za 2L ndi 3L zili ndi lamba, ndipo phokoso lao lingacokere kwina. Akapeza kuti ndi cheni, asinthe zonse pamodzi, cifukwa cheni yatsopano pa magiya akutha siikhalitsa.

Nthawi yoyenera ndiyo cimanga cikali m'munda, galimoto isanayambe maulendo a ku msika. Alimi nao ali ndi ufulu wofunsa za phokosolo asanakweze matumba ao, pakuti thukuta la caka cathunthu ndi lao. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo cheni yolira ikucita comweco kwa mwini wake.