Za Jini wa m'Miphika Yaing'ono

Sabata yino tikambe za jini. Inu amene mumapita ku tauni pa Loweruka mwaona kuti m'masitolo a mowa mwadzala mabotolo acilendo, ena ofiira, ena abuluu, maina ace osadziwika, ndipo mtengo wace ndi wowirikiza kawiri kapena katatu wa jini wamba. Kodi m'menemo muli ciani?

Jini yense ndi kacasu ndithu, koma wophikidwa pamodzi ndi tizipatso ta mtengo wochedwa juniper, ndito timene timampatsa pfungo lace lija. Makampani akuru amaphika wambiri nthawi imodzi. Awa atsopanowa amaphika pang'ono pang'ono mu mphika wa mkuwa, naikamo masamba ndi maluwa a kwao komweko. Ku Stilbaai, m'mbali mwa nyanja ku Cape, mai Lorna Scott anayamba Inverroche mu 2011, namaikamo zomera za m'chire la kumeneko zochedwa fynbos. Malonda anakula kotero kuti mu 2019 kampani ya ku France, Pernod Ricard, inagula gawo lalikuru. Ena amaikamo rooibos, tiyi uja mumamwa ku komboni. Pafupi ndi Worcester kuli Six Dogs, amene jini wao wina ndi wabuluu cifukwa ca duwa, koma mukathiramo tonic asanduka wofiirira. Zimenezo nzokondweretsa maso cabe; ukali wace sucepa.

Cinthu cimodzi cidzadabwitsa a kwathu. Kumudzi, kacasu woyamba kudontha pa paipi, amene timati mutu, ndiye wa mtengo wapatali, ndipo amuna amalimbirana. Ophika jini awa madontho oyambawo amacotsa osaika m'botolo, pakuti ndimo mucuruka zoipa zopweteka mutu. Otsiriza amapatulanso, nasunga apakati okha. Pamenepo ndiwayamika. Koma mtengo wonse suli wa nchito imeneyi yokha ai. Ndalama zina mulipira botolo lokongola ndi pepala lace. Malawi Gin wa kwathu ndi jini ndithu, ngakhale alibe maluwa a ku Cape.

Nkhani ya mowa waukali ndi anthu a m'migodi siyayamba lero. Mu 1883 Paul Kruger anatsegula fakitale ya mowa ku Hatherley, pafupi ndi Pretoria, yochedwa Eerste Fabrieken. Golide atapezeka ku Joni mu 1886, ogula ambiri anali anyamata a pa mgodi, ndipo eni makantini anali kusanganiza mowawo ndi zinthu zoopsya kuti ucuruke. Eni migodi ataona kuti anthu ambiri sadzuka ku nchito pa Lolemba, anadandaula, ndipo kuyambira 1897 lamulo linaletsa kugulitsa mowa waukali kwa anthu akuda. Khomo la sitolo ya mowa wa cizungu linatseguka kwa munthu wakuda mu August 1962.

Lero palibe wokuletsani, koma cenjerani ndi botolo la pambali logulitsidwa mochipa. Akuba amatola mabotolo okongolawa, nathiramo za iwo eni, nthawi zina spiriti ya methanol imene icititsa khungu ndi kupha. Yang'anani ngati citsekero sicinatsegulidwepo.

Tsono tiwerenge. Jini wambiri wa kuno ali ndi ukali wa 43 pa 100. Botolo la 750 ml liri ndi matoti 30, ndipo thupi la munthu licotsa pafupifupi toti imodzi pa ora, kaya jiniyo ndi wa maluwa kaya ndi wamba. Khofi safulumizitsa, kusamba madzi ozizira sikufulumizitsanso. Munthu amene wamwa matoti khumi usiku wa Lamulungu kufikira 12 koloko, pofika pa cipata ca shafuti 5 koloko m'mawa mowa ukali m'magazi mwace. Makina opumiramo aja adzaupeza, adzambweza pa cipata, ndipo tikiti ya tsiku limenelo yapita.