Tikuphunzitsa asilikali athu kuti kutsata lamulo kumachotsetsa ntchito

Aliyense woyenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima amadziwa kuti akafika pa Mvera wafika kwa asilikali. Kampu ya Support Battalion ili pomwepo m'mapiri a Dowa, ndipo ukatsetsereka mpaka ku Salima umakapeza MAFCO, kumene achinyamata athu amasulidwa kukhala asilikali ndi maofesala. Kumeneko amawaphunzitsa zimene Gawo 160 la malamulo oyendetsera dziko limanena, kuti ntchito yawo ndi kuteteza malire a dziko komanso kuteteza ulamuliro wotsata malamulowo. Koma pali sukulu ina yopanda bolodi ndi choko, imene aphunzitsi ake ndi andale a ku Capital Hill, ndipo msilikali aliyense wa ku Mvera amene ali ndi wailesi amaphunziramo tsiku ndi tsiku. Phunziro lake ndi limodzi lokha. Mkulu wa asilikali amene waima pa lamulo tsiku lovuta, ntchito yake sichedwa kutha.

Tiyambe ndi General Henry Odillo. Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira mwadzidzidzi, koma boma linabisa imfayo, thupi n'kulitumiza ku South Africa ngati kuti munthuyo akadali moyo. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa boma kunena kuti mayi Joyce Banda sangalowe m'malo chifukwa anali ndi chipani chawochawo. Gawo 83 silikamba za chipani, limangoti mpando ukakhala wopanda munthu wachiwiri kwa pulezidenti ndiye alowe. Komiti yofufuza imfayo, imene inatsogoleredwa ndi Justice Elton Singini, inadzaulula kuti panali akuluakulu ena amene anafunsa a Odillo ngati asilikali angatenge boma. A Odillo anakana, asilikali anakalondera nyumba ya mayi Banda, ndipo pa 7 Epulo mayiwo analumbira popanda chipolopolo chimodzi kulira. Mu 2014 a Peter Mutharika atangolowa m'boma, mwezi usanathe n'komwe, a Odillo anachotsedwa. Chaka chotsatira anamangidwa pa milandu yokhudza ndalama za boma. Za milanduyo ndi bwalo limene liyenera kunena, ine sindine woweruza, ndipo kuima pa lamulo tsiku limodzi sikupatsa munthu chilolezo chogwira m'thumba la boma. Koma kuchotsedwa kuja kunabwera mlandu usanayambe, ndipo palibe mwana wa ku barakisi amene sanamvetse chifukwa chake.

Kenaka General Vincent Nundwe. Anapatsidwa udindo mu Juni 2019, dziko lili pamoto chifukwa cha chisankho cha Tipp-Ex. Miyezi yonse ya zionetsero za bungwe la HRDC, pamene anthu anali atataya chikhulupiriro mwa apolisi, asilikali ndiwo ankayenda m'mbali mwa khamu kuliteteza. Ndi asilikali omwewo amene ankaperekeza majaji asanu a bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko mpaka tsiku la pa 3 Febuluwale 2020, pamene anagamula kuti chisankho chichitikenso. Mu Malichi chaka chomwecho a Nundwe anachotsedwa. Werengani nokha: a Ignacio Maulana, a Griffin Supuni Phiri, a Nundwe, a Peter Namathanga. Akuluakulu a asilikali anayi pa zaka zisanu ndi chimodzi za pulezidenti mmodzi. A Lazarus Chakwera atapambana anawabwezera a Nundwe pa mpando, ambiri tinaomba m'manja, koma tisadzinamize. Kubwezera mkulu wa asilikali pa ntchito chifukwa boma lasintha ndi nthenda yomweyo. Uthenga wake kwa maofesala ndi wakuti mpando umenewu uli ndi mtundu wa chipani.

Ena anena kuti pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse ndipo malamulo amamupatsa mphamvu zosankha amene akumufuna. Zoona zimenezo. Ndiye vuto lenilenilo. Tinaika mfuti zonse za dziko pansi pa munthu amene angachotsedwe ndi kalata ya mizere itatu yowerengedwa pa nkhani za madzulo, popanda kupereka chifukwa kwa wina aliyense. Pamene tikudzitama kuti asilikali a Malawi sanalandepo boma, tikudzitama ndi chikumbumtima cha amuna awiri kapena atatu amene anasankha kutaya ntchito. Dziko silingadalire mwayi wotere mpaka kalekale.

Tsono funso limene sitikonda kulifunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani nthawi ndi nthawi timafika poti msilikali ndiye atilanditse? Mukatsata bwino mupeza kuti moto wambiri unayambira pa mgwirizano umene unasweka pakati pa anthu amene anapempha mavoti athu atagwirana manja. Anthu a ku Ntchisi akukumbukira malemu Justin Malewezi, amene anatumikira a Bakili Muluzi zaka pafupifupi khumi ngati wachiwiri wawo, munthu wodziwa ntchito ya boma kuposa ambiri, koma pofika nthawi yosankha wolowa m'malo anamulambalala, mpaka mu Januwale 2004 anachoka mu UDF n'kukaima payekha. A Chakufwa Chihana analowa m'boma ndi AFORD yawo mu 1994, pofika 1996 anali atatuluka. A Bingu, amene a Muluzi anawanyamula pamsana pa kampeni, anachoka mu UDF mu Febuluwale 2005, ndipo mu Epulo 2006 wachiwiri wawo, a Cassim Chilumpha, anamangidwa pa mlandu wofuna kupha pulezidenti. Mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, ndipo kuchotsedwa kumeneko ndiko kunabala usiku uja wa nduna zisanu ndi imodzi. A Saulos Chilima anasiyana ndi a Peter Mutharika mu 2018, anagwirizana ndi a Chakwera mu 2020, ndipo pofika Juni 2022 anali atalandidwa ntchito zonse zimene pulezidenti ankawatuma, Novembala wake n'kumangidwa ndi bungwe la ACB. Mlanduwo unathetsedwa mu Meyi 2024 bwalo lisanapereke chigamulo.

Kuno kwathu wachiwiri kwa pulezidenti amasankhidwa kuti abweretse mavoti a kwawo kapena a chipani chake. Mavoti akawerengedwa ntchito yake yatha, ndipo amasanduka munthu woopsa chifukwa ndi yekhayo amene angapindule pulezidenti atafa. Mgwirizano wa Tonse, wa a Chakwera ndi a Chilima, unali wa zipani zisanu ndi zinayi, koma pepala limene atsogoleri awiri akuluakulu anasayinirana silinaikidwe poyera kuti ovota aliwerenge. A Chilima atanena mu Julayi 2022 kuti panali pangano loti iwo ndiwo adzaimire mgwirizanowo mu 2025, a MCP, chipani cha a Chakwera, anatsutsa, ife eni mavoti tinangotsala kukangana m'maminibasi pa chinthu chimene sitinachione.

Zotsatira zake tinaziona pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 itagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha a Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Komiti yofufuza inapeza kuti ngoziyo inachitika chifukwa cha nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu, ndipo sinapeze umboni wa chiwembu. Ine sindikudziwa umboni wina wotsutsa zimenezo, ndipo sindifuna kufalitsa mphekesera. Koma taonani Amalawi angati amene anakana kukhulupirira. Sanakane chifukwa amadziwa za ndege. Anakana chifukwa anaona zaka ziwiri za kunyozana pakati pa anthu amene ankatchulana abale, ndipo akukumbukiranso galimoto ya ku Mwanza ya mu 1983, imene boma linati inali ngozi. Amene analipira mtengo wa kukayikirako ndi gulu la asilikali, limene nalonso linataya anthu ake atatu m'ndege yomweyo. Mwezi wotsatira UTM, chipani cha a Chilima, inatuluka mu Tonse.

Kubwezera kwa andale athu kuli ndi kachitidwe kake kodziwika. Boma latsopano limamanga a boma lakale, makamera alipo, mlandu umayamba ndi phokoso, kenaka umagona m'mafayilo mpaka ndale zitasintha. A Muluzi anamangidwa mu 2006 pa nkhani ya K1.7 biliyoni, mlanduwo unathetsedwa mu 2023 popanda chigamulo. Mu Meyi 2008 anamangidwanso pamodzi ndi akuluakulu ena amene anatumikirapo ku usilikali ndi ku polisi, akuti ankafuna kulanda boma, koma nkhaniyo inafera m'mazira. A Peter Mutharika anamangidwa mu Malichi 2013 pa mlandu woukira boma, ndipo atapambana chisankho mu 2014 mlanduwo unatha. Mwina ena mwa anthu amenewa anali ndi mlandu weniweni, mwina ena anali osalakwa. Sitidzadziwa, chifukwa amene ankawamanga sankafuna chigamulo, ankafuna chithunzi cha mdani wawo atakwera galimoto ya apolisi. Wakuba weniweni amapindula nazo kwambiri, chifukwa akamangidwa amangofuula kuti ndi ndale, ndipo theka la dziko limamukhulupirira. Anthu a ku Dowa safunika kuwafotokozera kumene njira imeneyi imathera. Dzaleka, imene lero ndi kampu ya othawa kwawo, inali ndende ya anthu amene boma la chipani chimodzi silinkawafuna.

Tikamayamikira asilikali timakonda kuyambira pa Operation Bwezani, ndipo m'pomveka. Pa 1 Disembala 1993 apayoniya a MYP anawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu, Kamuzu ali chidwalire ndipo dziko likuyendetsedwa ndi komiti yotsogoleredwa ndi a Gwanda Chakuamba. Patangopita masiku awiri asilikali anathira nkhondo makampu a MYP n'kulanda zida, apayoniya ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Popanda zimenezo, chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chikanachitika mfuti za chipani zili m'manja mwa achinyamata a chipani. Koma nkhaniyi ili ndi mbali imene sitiitchula pa zikondwerero. Amene anayambitsa ntchito ija anali asilikali a maudindo apansi ndi apakati, okwiya ndi imfa ya anzawo, osadikira kuti akuluakulu awalamule. Tinachita mwayi kuti mkwiyo wawo unalunjika kumene mtundu unkafuna, ndipo atamaliza anabwerera ku barakisi. Maiko ena a mu Africa muno asilikali anatulukanso choncho anthu akuvina m'misewu, koma sanabwerere.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi cha pa 26 Juni 2025. Ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje anavulaza a Sylvester Namiwa pa zionetsero zofuna kuti akuluakulu a bungwe loyendetsa zisankho atule pansi udindo, apolisi ndi asilikali ali chiimire pomwepo. Gulu lomwelija limene mu 2019 linkatchinjiriza ochita zionetsero linaonerera munthu akukhapidwa. Kaya mumagwirizana ndi a Namiwa kaya ayi, zimenezo zilibe ntchito pano. Msilikali amene anaima pamenepo manja ali m'mbali anali atawerengera kale kuti kulowererapo kungamupweteketse kuposa kungokhala chete. Anawerengera molondola, malinga ndi zimene anaona zikuchitikira akuluakulu ake. Ndipo zimenezi zinachitika pansi pa boma la anthu amene iwo eni anatetezedwa ndi asilikali pamene anali m'misewu.

A Peter Mutharika anabwerera m'boma atapambana chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, ndipo chiyeso chobwezera chilipo monga chinalili kwa aliyense amene anakhalapo pa mpandowo. Sindikuyembekeza kuti pulezidenti aliyense, wa chipani chilichonse, angadzimange yekha manja. Ntchito imeneyo ndi ya Nyumba ya Malamulo. Aphungu asinthe lamulo kuti mkulu wa asilikali akhale ndi zaka zake zodziwika zimene sizikutha limodzi ndi za pulezidenti, ndipo pulezidenti akafuna kumuchotsa nthawi isanakwane apereke zifukwa zolembedwa ku komiti ya aphungu yoona za chitetezo, imene ikhale ndi mphamvu zokana. Zipani zikapanga mgwirizano wa chisankho, pepalalo likasiyidwe kwa mlembi wa zipani monga amachitira ku Kenya, ndipo likhale lotseguka kwa aliyense. Popeza tsopano wopambana ayenera kuposa theka la mavoti, migwirizano yotere tizikhala nayo chisankho chilichonse. Ndipo mkulu woimira boma pa milandu akathetsa mlandu wa wandale, zifukwa zimene amapereka ku komiti ya aphungu zisindikizidwe m'nyuzipepala kuti tonse tiziwerenge.

Aphungu a ku Dowa ndi Ntchisi, ambiri a inu ndinu a chipani chimene chinali ndi zaka zisanu zokonza zimenezi koma sichinakonze, chifukwa mphamvuzo zinkakoma zili m'manja mwanu. Lero muli mbali yotsutsa ndipo mukuziona kuchokera kunsi. Lembani bilu imeneyi muipereke ku Nyumba, kuti tione ndani aima kuikana ndipo anena chifukwa chanji.