CINSINSI CA KANEMA WOGWIRA MTIMA

Sabata ino tikambirana za kanema. Masiku ano kanema salinso wa m'tauni mokha. Ngakhale kumudzi, mnyamata amene ali ndi foni amasonkhanitsa anzake madzulo, ndipo m'makomboni monga Katondo, mu mzinda wa Kabwe, ana amapanikizana pa wailesi ya kanema mpaka usiku. Okondedwa kopambana ndi akanema ocititsa nthumanzi, amene pa Cingerezi amawacha thriller. Munthu amawaonera mtima uli m'mwamba, nsima n'kuzizira m'mbale.

Wophunzira za utolankhani ndi zoulutsa mau, kaya ku University of Zambia kaya kwina, angathe kutha caka cathunthu akufufuza funso limodzi: kodi n'ciani kweni-kweni cimene cimagwira mtima wa woonera? Funsoli likhudzanso makolo amene ana ao amaonera, ndi acinyamata amene afuna kupanga akanema athu-athu. Ambiri aganiza kuti yankho ndi mfuti, mwazi ndi magalimoto ogubuduzika. Ife tiona kuti kumeneku n'kulakwa. Mtima wa woonera umagwidwa ndi zinthu zitatu: kudziwa ngozi imene ikudza, kukonda munthu amene ngoziyo ikumlonda, ndiponso kudikira.

Tiyambe ndi kudziwa. Alfred Hitchcock, katswiri wa ku England amene anamwalira mu 1980, anafotokoza nkhaniyi mu 1962 poceza ndi mnzake wa ku France, François Truffaut. Anapereka citsanzo ca anthu amene akuceza pa tebulo, pansi pake pali bomba. Ngati woonera sadziwa za bombalo, adzadzidzimuka masekondi 15 cabe pamene liphulika, basi zatha. Koma ngati waona bombalo likuikidwa, ndipo waona koloko pa khoma, adzazunzika mphindi 15 zathunthu. Maceza opanda pake a anthu aja amasanduka olemera, ndipo woonera amalakalaka kupfuula kuti athawe.

Nzeru imeneyi agogo athu anali nayo kale-kale, asanaonepo kanema. Kumbukirani nthano ija ya namwali amene anakana anyamata onse a m'mudzi nakwatiwa ndi mlendo wokongola. Wosimba nthano amatiuza poyamba pomwe kuti mlendoyo ndi fisi wobvala khungu la munthu. Ife tidziwa, mlongo wake wamng'ono amene anamperekeza ku ukwati adziwa, koma namwaliyo agona tulo tofa nato pamene afisi azungulira nyumba. Ana omvera nthano amafupikirana pa moto, maso ali tong'o, ngakhale kuti palibe dontho la mwazi limene lagwa. Agogo akanabisa za fisiyo mpaka kumapeto, ana akanadzidzimuka kamodzi n'kupita kukagona.

Cinthu caciwiri ndi cikondi. Ngozi yogwera munthu amene sitimsamala siticititsa mantha. Mu 1953 ndi 1954 mai wina wofufuza wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya, ndipo zimene anaona anazilemba m'buku lochedwa Copper Town, lotuluka mu 1962. Anchito a pa mgodi ndi mabanja ao anali kuonera baisikopo ya makauboyi pa bwalo. Ambiri sanali kumva Cingerezi ca m'akanemawo, ndiponso boma la atsamunda linali kudula mbali zina, kotero kuti nkhani inali yoduka-duka. Komabe anthu anali kuimirira ndi kupfuula pa nthawi ya ndeu. Ngwazi ya m'kanema aliyense anali kuicha Jack. Anali atasankha munthu wao, ndipo nkhonya yomgwera iyeyo inali kuwapweteka iwo. Wopanga kanema amene athamangira kuombetsa mfuti asanatidziwitse munthu, mai wake ndi njala yake, ali ngati mlimi wofesa m'munda wosalima.

Cacitatu ndi kudikira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1953 Henri-Georges Clouzot wa ku France anapanga kanema wodziwika pa Cingerezi ndi dzina lakuti The Wages of Fear. Amuna anai osauka abvomera kuyendetsa malole awiri odzaza ndi nitroglycerine, mankhwala amene amaphulika akangogwedezeka, pa mseu woipa wa m'mapiri. Malolewo amayenda pang'ono-pang'ono ngati ngolo ya ng'ombe, koma dzenje liri lonse la mu mseu limaumitsa woonera kukhosi. Cimodzi-modzinso mu 1975, pamene Steven Spielberg anapanga Jaws, kanema wa nsomba yolusa yochedwa shaki. Nsomba ya makina imene anakonza inali kuonongeka kawiri-kawiri, motero kwa nthawi yaitali cirombo sicioneka. Woonera amangoona madzi, miyendo ya osambira, ndi kumva nyimbo ya John Williams ya mau awiri obwereza-bwereza. Cirombo cosaoneka cinaopsa anthu koposa.

Akulu-akulu a ku Kabwe amene anagwirapo nchito pansi pa mgodi angacitire umboni mfundo imeneyi. Nthawi yobvuta kwa woomba miyala ndi ija ya pakati pa kuyatsa ndi kuphulika kwa dainamaiti, pamene ponse pali zii. Phokoso likamveka, mtima umakhala pansi.

Tsono tifika pa cimene tifuna kunena kwa acinyamata a ku Katondo ndi kwina amene ayamba kujambula akanema ndi mafoni ao. Tisataye ndalama pa mfuti za pulasitiki ndi mwazi wa tomato potsanzira a ku America. Nkhani yogwira mtima iri pansi pa mapazi athu. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, unatsekedwa mu 1994 utagwira nchito zaka zoposa 80, koma mtovu unatsala m'dothi la makomboni oyandikana nao monga Kasanda, Makululu, Chowa ndi Katondo. Mtovu ulibe fungo. Umalowa m'thupi ndi pfumbi ndiponso ndi manja akuda amene mwana amaika m'kamwa, ndipo umaononga ubongo wa mwana mwakacetecete. Taganizani kanema amene ayamba ndi dokotala akuwerenga zotsatira za magazi, kenaka ationetsa kamwana kakuumba ng'ombe za dothi pa bwalo, amai ake akuseka uku akusinja. Woonera adziwa, akonda mwanayo, ndipo adikira kuti kalata ya dokotala ifike. Zinthu zitatu zija zakwanira, ndipo mai amene waonera kanema wotere adzayamba kusambitsa ana m'manja asanadye ndi kuwaza madzi pa bwalo asanasese.

Ena adzati akanema opanda mfuti sagulidwa. Tiwakumbutse za Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka. Kanema wake wa mu 2017, I Am Not a Witch, asimba za kamtsikana kochedwa Shula kamene kanamiziridwa ufiti. Kanamangidwa ku nsalu yaitali yoyera, ndipo kanauzidwa kuti kakaidula kadzasanduka mbuzi. Woonera amakhala ndi funso limodzi mpaka kumapeto: kodi kadzadula? Kanema ameneyu analandira mphotho ya BAFTA ku London mu 2018. Nsalu imodzi ndi mwana mmodzi zinakweza dzina la Zambia kutsidya kwa nyanja.

Kwa wophunzira amene afufuza za nkhaniyi tikuti: werengani mabuku a Hitchcock ndi anzake, koma mupitenso kumudzi mukakhale pa moto ndi agogo amene akali ndi nthano m'mutu. Muone pamene amaima kulankhula, pamene amatsitsa mau, ndi pamene amalowetsa nyimbo kuti acedwetse mapeto. Mulembe zimenezi iwo akali moyo, pakuti ambiri apita nazo kumanda.

Kwa makolo tikuti: musangotseka wailesi ya kanema mwaukali. Khalani ndi ana anu, ndipo kanema akatha muwafunse kuti anali kuopera yani, ndiponso cifukwa ninji. Mwana amene ayankha kuti anali kuopera munthu wakuti-wakuti waphunzira cifundo. Koma akangowerenga anthu amene aphedwa uku akuseka, dziwani kuti kanema ameneyo ndi wosayenera m'nyumba mwanu.